Kudula Mtengo ku Hillhead ndi Kutenga Ngongole

Tsiku lina Loweruka madzulo, titamaliza msonkhano wathu wa Amalawi kuno ku Glasgow, bambo ena adandikokera pambali natulutsa envulopu m'thumba la jekete. "Achemwali, tandiwerengerani kalatayi mofatsa," adatero mawu ali pansipansi. "Kodi zoona munthu angaimbidwe mlandu chifukwa cha mtengo wa pakhomo pake pomwe?"

Banja lawo lidali litangogula kumene fulati ya pansi mu msewu wina wa kuseri kwa Byres Road, m'dera la Hillhead. Ndalama zake adasunga kwa zaka zambiri, mayi akugwira ntchito ya unamwino usiku, bambo akuyendetsa basi. Kutsogolo kwa nyumbayo kudali kabwalo kakang'ono ndi mtengo umodzi umene nthambi zake zinkaphimba zenera la pabalaza. M'nyumba munkakhala mdima ngakhale masana, ndipo mayi ankalakalaka kadimba ka mpiru ndi nkhwani. Tsiku lina kudabwera munthu wa vani, nagogoda pachitseko, nanena kuti akhoza kuugwetsa tsiku lomwelo pa mtengo wotsika, ndalama pamanja. Pofika madzulo padatsala chitsa chokha. Patangotha masabata ochepa, kalata ya khonsolo idafika, yofunsa kuti mtengowo adadula ndani, liti, ndipo ndi chilolezo cha yani.

Ntchito yanga ndi yoona za chisamaliro cha mabanja, ndipo pa zaka zimene ndaigwira ndaona kuti mavuto ambiri a ife obwera sayamba ndi mtima woipa ayi. Amayamba ndi kanthu kamene tidakaona ngati kosafunika kufunsa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Nkhani ya mitengo ndi imodzi mwa nkhani zoterezi, ndipo ndaona kuti ndi bwino tiikambirane tisadalandire makalata ena.

Chifukwa chake Hillhead ndi wosiyana

Hillhead adali tawuni yodziyimira payokha kuyambira 1869 mpaka 1891, pamene adalowa mu mzinda wa Glasgow. Adakula kwambiri yunivesite ya Glasgow itasamukira pa Gilmorehill m'chaka cha 1870. Munda wa zomera wa Botanic Gardens, umene uli kumapeto kwa Byres Road, udakhazikika pamalo pamenepo m'chaka cha 1842. Amene ankamanga midadada ya nyumba za miyala m'zaka zimenezo ankadzalanso mitengo m'mbali mwa misewu ndi m'mabwalo, kotero kuti nyumba ndi mitengo zidakulira limodzi.

M'chaka cha 1972 dera lalikulu la kumadzulo kwa mzindawu lidaikidwa m'gulu la madera otetezedwa, ndipo lero limadziwika ndi dzina loti Glasgow West Conservation Area. Mbali yaikulu ya Hillhead ili m'menemo, pamodzi ndi Dowanhill, Hyndland ndi Kelvinside. Ambiri timadziwa kuti m'madera otere munthu sasintha mazenera kapena kugumula mpanda mwachisawawa. Chimene sitidziwa n'chakuti chitetezo chomwecho chimafikanso pa mitengo, ngakhale ya m'bwalo la munthu. Glasgow ali ndi madera otere oposa 20, choncho nkhaniyi ikukhudzanso abale okhala kutali ndi Hillhead.

Mipanda iwiri yoteteza mtengo

Lamulo lalikulu pa nkhaniyi ndi Town and Country Planning (Scotland) Act la 1997, ndipo amene amaliyendetsa kuno ndi khonsolo ya mzinda, Glasgow City Council. Lamuloli limateteza mtengo m'njira ziwiri.

Njira yoyamba ndi chikalata chimene amachitcha Tree Preservation Order. Khonsolo imachiika pa mtengo umodzi, pa gulu la mitengo kapena pa kankhalango, ikaona kuti mitengoyo imakongoletsa dera kapena ili ndi mbiri. Mtengo wotere suloledwa kudulidwa, kuzulidwa, kusadzidwa nthambi kapena kudulidwa nsonga popanda chilolezo cholembedwa. Khonsolo ikhoza kukana, kapena kuvomera koma n'kulamula kuti padzalidwe wina.

Njira yachiwiri ndi ya madera otetezedwa aja. M'menemo, ngakhale mtengo ulibe chikalata chakechake, munthu ayenera kudziwitsa khonsolo mwa kalata masabata 6 asadaugwire. Pa masabata amenewo khonsolo imaona ngati mtengowo uli woyenera kuikidwa chikalata choteteza. Ikapanda kutero, ntchito imene idalembedwa m'kalatamo ikhoza kuchitika, bola ichitike zaka 2 zisadathe.

Timitengo tating'ono sitiwerengedwa. Muyezo wake ndi uwu: mukayeza thunthu pa msinkhu wa mamita 1.5 kuchokera pansi, ngati kunenepa kwake sikupitirira mamilimita 75, simufunika kudziwitsa khonsolo. Njira yapafupi ndi kuzunguliza chingwe pa thunthulo. Chikapitirira masentimita 24, lembani kalata. Kunena mwa kwathu, mtengo ukangonenepa kuposa musi wosinjira, lamulo layamba kuuona.

Mfundo imene imadabwitsa anthu ndi yakuti lamuloli silinena za kugwetsa kokha. Kusadza nthambi mopitirira, kudula mizu pokumba malo oimikapo galimoto, kusenda makungwa kapena kuthira mankhwala patsinde kuti uume pang'onopang'ono, zonsezi zikhoza kukhala mlandu. Ngakhale nthambi za mtengo wa mnansi zitalowa m'bwalo lanu, ngati muli m'dera lotetezedwa, kalata ija ndi yofunikabe.

Ngongole imene imatsala pa nthaka

Apa ndiye pagona nkhani. Mtengo wotetezedwa ukachotsedwa mosatsata lamulo, mwini malo ali ndi udindo wodzala mtengo wina, wa msinkhu ndi mtundu woyenera, pamalo omwewo, mwamsanga mmene angathere. Izi zili mu gawo 167 la lamuloli, ndipo gawo 174 limanena chimodzimodzi za madera otetezedwa. Pali zinthu zinayi zofunika kuzimvetsa bwino.

Choyamba, udindowu uli pa mwini malo, osati pa munthu amene adagwira macheka. Wa vani uja akapita, wapita. Chitsa chatsala kwa inu.

Chachiwiri, udindowu umatsata malo. Lamulo limati umagwera aliyense amene ali mwini malowo pa nthawiyo. Mukagula nyumba imene mwini wake wakale adadula mtengo mozemba, mukhoza kulowa m'ngongole imene simudatenge ndinu. N'chifukwa chake pogula nyumba ndi nzeru kupempha loya wanu kuti afufuze ngati pali chikalata choteteza mitengo, ndiponso kufunsa za chitsa chilichonse chatsopano chimene mwaona m'bwalo.

Chachitatu, khonsolo ili ndi mano. Ikaona kuti mtengo sudadzalidwe, ikhoza kutumiza chikalata cholamula mtundu ndi msinkhu wa mtengo komanso nthawi youdzalira. Ili ndi zaka 2 zochitira zimenezi kuchokera pamene yadziwa za kulephera kwanuko. Munthu ali ndi ufulu wochita apilo kwa nduna za boma la Scotland chikalatacho chisadayambe kugwira ntchito. Koma akangokhala chete osadzala, khonsolo ili ndi mphamvu yolowa pamalopo, kudzala yokha, n'kumulipiritsa ndalama zonse zimene yawononga.

Chachinayi, ngati mtengo wakale udali ndi chikalata choteteza, chikalatacho chimasamukira pa mtengo watsopanowo, ngakhale ukhale waung'ono bwanji. Simungaudzale lero kuti mukondweretse khonsolo n'kuuzula chaka chamawa.

Pali chifundo pang'ono m'lamuloli: mwini malo akhoza kupempha khonsolo kuti imumasule ku udindowu, mwachitsanzo ngati malowo ndi opanikiza kwambiri. Koma kumasulako kumachokera kwa khonsolo, munthu sadzimasula yekha. Taonaninso kusiyana kwake. Amene walemba kalata ya masabata 6, khonsolo n'kusatsutsa, amadula mtengo wake popanda mlandu ndipo lamulo silimukakamiza kudzala wina, ngakhale amalimbikitsidwa kutero. Amene wadula osalemba kalata amapeza mlandu ndi ngongole pa mtengo womwewo. Chosiyanitsa anthu awiriwa ndi fomu imodzi, imene imapezeka pa intaneti pa tsamba la ePlanning Scotland.

Chimene chili pachiswe kwa ife obwera

Kuwononga mtengo wotetezedwa ndi mlandu wa kukhoti. Khonsolo ikhoza kuupereka kwa woimira boma pa milandu, amene kuno amatchedwa Procurator Fiscal. Chindapusa chimafika pa £20,000 ngati mlandu waweruzidwa mwachidule, ndipo pa milandu ikuluikulu chilibe malire. Khoti limayang'ananso phindu limene munthu wapeza chifukwa chochotsa mtengowo, monga kukwera mtengo kwa nyumba. Wodula ndi womutuma onse akhoza kuyankha.

Si nkhani iliyonse imene imafika kukhoti. Komabe kwa ife obwera chiopsezo sichili pa ndalama zokha. Fomu yopempha unzika wa dziko lino imafunsa za milandu imene munthu adapezeka nayo wolakwa. Anamwino ayenera kuulula milandu yotere ku Nursing and Midwifery Council, ndipo ogwira ntchito yosamalira okalamba ndi ana amaulula ku Scottish Social Services Council. Ambiri mwa ife tili m'ntchito zimenezi. Mantha a bambo aja adali pamenepa: ankaganiza za ntchito ya akazi awo ndi mapepala a ana awo, osati za mtengo.

Tisaiwalenso mmene eni dziko amaonera mitengo yawo. Pa Kelvin Way, pafupi ndi yunivesite, pali mtengo wotchedwa Suffragette Oak, umene udadzalidwa m'chaka cha 1918 pokumbukira kuti amayi ena adapatsidwa ufulu wovota. Udasankhidwa kukhala mtengo wa chaka ku Scotland mu 2015. Namondwe wa Ophelia atauvulaza mu Okutobala 2017, khonsolo sidaugwetse. Idauchepetsa nthambi kuti upulumuke, ndipo zidutswa zake zidaperekedwa ku Glasgow Women's Library. Mu 2025 mtengo wa ash wa mu Argyle Street udapambana mpikisano wa mtengo wa chaka m'dziko lonse la United Kingdom. Chaka chomwecho, ku England, amuna awiri amene adagwetsa mtengo wotchuka wa Sycamore Gap mu 2023 adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 4 ndi miyezi 3 aliyense. Ngakhale chizindikiro cha mzinda wa Glasgow chili ndi mtengo pakati pake. Mnansi amene amaimbira foni khonsolo akamva kulira kwa macheka sakuchitirani kaduka. Mwina adakulira pansi pa mtengo umenewo.

Kodi mtengowo ndi wa yani?

Funsoli limaoneka lapafupi, koma m'nyumba zosanjikizana za Hillhead ndi lovuta. Bwalo la kuseri kawirikawiri limakhala la eni mafulati onse a mdadadawo. Kabwalo ka kutsogolo nthawi zina kamakhala ka wa fulati ya pansi, nthawi zina ayi. Yankho lili m'mapepala a umwini wa nyumba, ndipo pamene mapepalawo ali chete pamalowa lamulo la Tenements (Scotland) Act la 2004. Midadada yambiri ilinso ndi kampani yoyang'anira zinthu za onse, imene amaitcha factor, ndipo ndi bwino kuyamba kufunsa kumeneko.

Amene mukuchita lendi, mtengo si wanu ngakhale utakusowetsani tulo. Lemberani landilodi ndipo sungani kalatayo. Mitengo ya m'mbali mwa misewu ikuluikulu ndi m'mapaki ili m'manja mwa khonsolo, ndipo ikathyoka kapena kuoneka yodwala, chofunika ndi kukanena, osati kutenga chikwanje. Ngati vuto ndi mpanda wa mitengo wa mnansi umene watalika kupitirira mamita 2 n'kutseka kuwala, pali lamulo lakelake, High Hedges (Scotland) Act la 2013, limene limalola kukadandaula ku khonsolo mutayesa kaye kukambirana. Kumbukiraninso kuti kuwononga chisa chimene mbalame ikuchigwiritsa ntchito, kapena malo ogona mileme, ndi mlandu wina pawokha.

Nanga mtengo ukakhala woopsa?

Tonse tikukumbukira namondwe wa Éowyn wa pa 24 Januwale 2025, amene adatseka sukulu ndi kugwetsa mitengo ponseponse. Lamulo silikakamiza munthu kudikira masabata 6 pamene mtengo watsala pang'ono kugwera nyumba. Ntchito yofunika mwachangu pofuna kuteteza anthu ndi yololedwa, koma muyenera kudziwitsa khonsolo mwa kalata msanga mmene mungathere. Jambulani zithunzi ntchito isadayambe, ndipo pemphani katswiri wa mitengo kuti alembe chimene waona, pakuti mudzafunika kusonyeza kuti ngoziyo idalidi yoona. Chotsani chokhacho chimene chili choopsa. Ndipo dziwani kuti ngakhale mtengo utachotsedwa pa chifukwa chomveka chotere, udindo wodzala wina ukhoza kukhalapobe.

Lamuloli si lachilendo kwa ife

Bambo aja adandiuza kuti, "Kwathu izi kulibe." Ndidawayankha kuti, "Achimwene, kodi kumanda a kwanu mudadulako mtengo?" Adaseka, chifukwa aliyense wokulira kumudzi amadziwa kuti nkhalango ya kumanda sagwirako nkhwangwa popanda mawu a mfumu. M'midzi yambiri lero, msitu wa kumanda ndi wokhawo umene watsala ndi mitengo yachilengedwe. Makolo athu ankadziwa kuti mitengo ina, ngakhale ili pafupi ndi khomo lako, ndi ya mudzi wonse.

Malamulo olembedwa tili nawonso. Lamulo lathu la za nkhalango lidakhazikitsidwa mu 1997, chaka chomwecho cha lamulo la kuno, ndipo lidakonzedwanso mu 2020 kuti zilango zikhwime. Ambiri tidakula tikudzala mitengo kusukulu pa 21 Januwale, tsiku limene lidayamba mu 1976. Masiku ano pali nyengo yathunthu yodzala mitengo, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Koma tiyeni tidzifunse moona mtima: mwa mbande zimene tidadzala tili ana, ndi zingati zimene zidakula? Tinkadzala, kuwomba m'manja, n'kubwerera m'kalasi, mbuzi n'kumaliza ntchito.

Zotsatira zake tikuziona. Mkungudza wa ku Mulanje, umene udalengezedwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, ndipo dzina lake la sayansi limakumbukira Alexander Whyte wa kuno ku Scotland, udadulidwa mpaka kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha itaima paphiripo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kugwera nyumba za ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 adamwalira kapena kusowa. Ena mwa inu mudataya abale, ndipo tidasonkha limodzi ndalama za chipepeso.

Ku Scotland nako amakonda manambala akuluakulu. Mu 2021 makhonsolo 8 a chigawo cha Glasgow adayambitsa Clyde Climate Forest, ndi cholinga chodzala mitengo 18 miliyoni pa zaka 10. Koma chimene ndimachiona chanzeru m'lamulo la 1997 ndi kuchepa kwake. Silinena za mamiliyoni. Limaloza mtengo umodzi, malo amodzi ndi munthu mmodzi amene ayenera kuyankha. Ife amene tikumanga nyumba ku Area 49, ku Chileka kapena ku Mzuzu ndi ndalama za kuno, tikuotcha njerwa ndi nkhuni zochuluka, tingadziikire tokha lamulo lomweli popanda kudikira kalata ya wina aliyense.

Mmene nkhani ija idathera

Tidakhala pansi ndi banja lija n'kulemba yankho loona, lopanda kubisa kapena kunamizira wina. Adafotokoza zimene zidachitika, adapepesa, ndipo adanena okha kuti ali okonzeka kudzala mtengo wina. Nkhaniyo sidapite kukhoti. Adagwirizana ndi khonsolo za mtengo wa rowan, umene sukula kwambiri ndipo masamba ake ndi opyapyala, olola kuwala kudutsa. Woyamba udauma, chifukwa palibe adaganiza kuti ku Glasgow, kwa mvula yosatha, mtengo ungafune kuthiriridwa. Adagulanso wachiwiri. Ndalama zonse pamodzi zidaposa kutali zimene akadalipira katswiri kuti angochepetsa nthambi za mtengo wakale uja mwalamulo, chimene chikadabweretsa kuwala kumene ankafuna.

Choncho abale anga, musadagwire mtengo uliwonse, chitani izi. Fufuzani ku khonsolo ngati nyumba yanu ili m'dera lotetezedwa kapena ngati mtengowo uli ndi chikalata. Tsimikizani kuti mtengowo ndi wa yani. Kambiranani ndi anansi. Lembani fomu ndipo dikirani masabata 6. Musalembe ntchito munthu wongogogoda pachitseko. Funani katswiri wa inshuwalansi amene angakupatseni mtengo wa ntchitoyo polemba, ndipo katswiri weniweni amayamba yekha kufunsa za chilolezo. Mukalandira kalata ya khonsolo, musaiike pansi pa matiresi. Yankhani nthawi isadathe, ndipo ngati ikunena za khoti, onanani ndi loya kapena a Citizens Advice.

Pobwezeretsa mtengo, nyengo yabwino kuno ndi kuyambira Novembala mpaka Malichi, mitengo itayoyola masamba. Sankhani mtundu wogwirizana ndi kukula kwa bwalo, uikireni chichiri chouchirikiza, ndipo muziuthirira m'miyezi yotentha kwa zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba. M'mera m'poyamba.

Mtengo wachiwiri wa banja lija udagwira. Ntchito youthirira adaipereka kwa mwana wawo wamng'ono, amene amayeza msinkhu wake pa thunthulo tsiku lake lobadwa likafika. Mpiru uja mayi adadzala m'mbali mwake, ndipo ndidalawako.